Kulemba Mabuku Kuyambira Kuti? Mau Olankhulidwa kwa Aphunzitsi ku Kafue

A Wapampando, ndi inu akulu anga m'nchito ino, ndine mwana pakati panu. Cifukwa cace mundilole ndinene mau pang'ono okha.

Mwamva za Namwali Serpell, amene anabadwira ku Lusaka m'caka ca 1980. Iye anaphunzira za mabuku pa Yale, nalandira digiri ya udokotala pa Harvard mu 2008. Mu 2015 anapata mphotho ya Caine, ndipo mu 2019 anaturutsa buku lace, The Old Drift, losimba za dziko lathu lino.

Kodi ophunzira kulemba pa mayunivesite acitanji? Awerenga mabuku ambiri mosamala. Alemba nkhani zao, naziwerenga pamaso pa anzao. Anzaowo anena pokoma ndi popereŵera, ndipo mwini abwerera kukalembanso. Njirayi siifuna ndalama.

Nanga ife? Tilemba cimangirizo pa bolodi, ana nakopera mau athu, ndipo amene aonjezapo zace timdula ndi inki yofiira. Potero tipha mbeu isanamere. Kumbukirani kuti Samuel Ntara, amene buku lace Nthondo linaturuka mu 1933, anali mphunzitsi wa mishoni monga ife.

Pempho langa ndi ili: tsiku limodzi pa mlungu, mwana alembe cimene anaciona yekha, kaya asodzi pa mtsinje wa Kafue, kaya sitima pa mlatho, m'Cingerezi kapena m'Cinyanja, aŵerengere anzace. Ife tiyambe tamva nkhaniyo, zolakwa tikonze pambuyo. Kuongola mtengo mpoyamba.