KASANKHIDWE KA NYAMBO YA MTENGO YOWEDZERA NCHENI

Awa ndi mau amene mlembi wa tsamba lino analankhula ku Kabwata, mu Lusaka, kwa anthu a kumidzi amene anadza ndi malonda ao m'tauni. Tawalemba pano kuti a ku Luangwa, ku Rufunsa, ku Nyimba ndi ku Chiawa awamve naonso.

Ndiyamika kuti mwasiya malonda anu kanthawi ndi kudzakhala pano. Lero sindilankhula za cimanga kapena za mankhwala a thonje monga masiku onse, koma za kanthu aka ndanyamula m'dzanja langa. Ndi kamtengo kosemedwa ngati kansomba. Kali ndi mbedza ziwiri, kalibe nyama, kalibenso fungo lili lonse. Komabe ncheni, nsomba yaukali ija ya m'Zambezi, imakalumphira ndi mtima wonse.

Cimene ndasankhira nkhani iyi ndi ici. Lamulo la za nsomba la caka ca 2011 liletsa kupha nsomba ndi mankhwala onga katupe, ndiponso Boma silola kukoka ukonde wa udzudzu m'madzi, pakuti ukonde wotere ukokolola ana a nsomba pamodzi ndi mazira. Munthu akagwidwa, amlanda zipangizo zace ndipo mlandu umtsata. Koma pakhomo pafunika ndiwo tsiku ndi tsiku. Mbedza igwira nsomba imodzi yokhwima ndi kusiya ana kuti akule. Ndipo nyambo ya mtengo siola padzuwa, sifuna kukumba nyongolotsi m'mawa uli wonse, sidya kapenta amene mukadapatsa ana.

Nyambo zopanga zilipo za mitundu yambiri, koma ndifuna kukamba za mtundu umodzi, umene uyenda cam'mbali, kumanja kenaka kumanzere. Amene anaukometsa kwambiri mtundu umenewu ndi asodzi a ku North America. Kumeneko, m'nyanja za m'malire a Canada ndi United States ndi mumtsinje wa St Lawrence, muli nsomba dzina lace muskellunge, imene eni ace amangoti muskie. Ndi nsomba yaitali ya mano akuthwa, zazikulu zace zipitirira makilogalamu 20. Ibisala m'maudzu a m'madzi ndi kudikira kansomba kopita. Ndi yocenjera kotero kuti eni ace amati munthu aponya nyambo kokwanira 10,000 asanaigwire, ndipo kawiri kawiri ingolondola nyambo mpaka pabwato, nkuiyang'ana, nkubwerera. Anthu a ku Wisconsin anaisankha m'caka ca 1955 kuti ikhale nsomba yoimira cigawo cao. Pofuna kunyenga nsomba yocenjera cotere, anasema nyambo zimene ziyenda ngati kansomba kodwala, kamene kalephera kuyenda molunjika.

Nsomba imeneyo kuno kwathu kulibe, koma tiri nazo zathu za khalidwe lonyenga cimodzimodzi. Yoyamba ndiyo ncheni, imene Azungu amaicha tigerfish. Ipezeka m'Zambezi, m'Kariba, m'Luangwa ndi kumunsi kwa Kafue. Abale athu a ku Malawi asasokonezeke: ncheni ya m'nyanja ya Malawi ndi nsomba yina, ya mtundu wa cambo, iyi ndinena pano ndi ija ipezeka kumunsi kwa Shire. Kumtunda kwa Kafue ncheni kulibe, cifukwa mathithi a Kafue Gorge anaitsekera njira. M'malo mwace kuli nsomba imene a ku Barotse amati mulumesi, ya mlomo wautali, yobisala m'bango ndi yoikira mazira m'cisa ca thobvu. Imeneyi ndiyo ifanana kwambiri ndi muskie pa maonekedwe ndi pa makhalidwe, ngakhale iri yaing'ono ndithu. Nembwe nayonso, imene ena amati sungwa, sikana nyambo ya mtengo.

Tsono taonani m'mene kanthu aka kagwirira nchito, pakuti munthu sangasankhe bwino cinthu cimene sadziwa mayendedwe ace. Nyambo zambiri za m'sitolo ziri ndi kamlomo kutsogolo kamene kazigwedeza zokha pamene muzikoka. Iyi iribe kamlomo. Nthiti zace ndi zaphanthi, ndipo m'mimba mwace muli colemera. Mukaiponya imira pang'ono pang'ono, iri cigonere copingasa monga nsomba yamoyo. Mukagwedeza ndodo kamodzi ndi kulekerera cingwe, mutu wace upotokera mbali imodzi ndipo iseseleka yokha. Mukagwedezanso, ipotokera mbali inayo. Cinsinsi conse ciri pa kulekerera kumeneko. Wokoka cingwe kosapumira aona nyambo iri kubwera molunjika ngati citsotso ca cimanga, nayamba kunena kuti anamnamiza wa sitolo. Nsomba yaukali imenya nthawi zambiri pamene nyambo yaima kapena iri kutembenuka, pakuti pamenepo iona nthiti yonse ya kansomba kofooka.

Pa cifukwa comweco nyambo iyi siyenera madzi ali onse, ndipo apa ndinena maganizo anga poyera. Pa madzi othamanga, monga pakati pa Zambezi kumunsi kwa Chirundu, mtsinje ukoka cingwe nthawi zonse, ndipo kulekerera kuja sikutheka. Pamenepo gwiritsani nyambo ya citsulo yonga supuni, imene ing'anima potembenuka. Ndiyo yopambana, ndiponso ndi yochipa. Nyambo yoyenda cam'mbali malo ace ndi madzi odekha: maiwe akuya a m'Luangwa m'cilimwe, kuseri kwa zisumbu kumene madzi abwerera m'mbuyo, m'mphepete mwa bango la Kafue, ndi m'magombe a Kariba pakati pa mitengo youma imene inamizidwa pamene anatseka khoma m'caka ca 1958.

Pofika pa kusankha, coyamba kuyang'ana ndi kukula kwace. Nyambo za muskie ndi zazikulu, zambiri ndi za masentimita 20 kapena kuposa, cifukwa nsombayo iri ndi pakamwa papakulu. Zina mwa izo zifika m'masitolo a muno m'tauni, ndipo abwana a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, amene apita ku Siavonga ndi ku Chiawa pa Loweruka, azigula ndi kudzaza nazo mabokosi. Inu musatengeke. Funsani kuti ncheni ya kwanu idya ciani. Ku Kariba idya kwambiri kapenta, amene anawabweretsa kucokera ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za 1967 ndi 1968, ndipo kapenta nonse mumdziwa msinkhu wace. M'mitsinje idya timatemba ndi ana a nsomba zina. Cotero nyambo yotalika ngati cala canu cacitali, kapena kufika pa cikhato, ikwanira. Ngakhale ncheni zazikulu, zimene ku Kariba zinagwidwapo zoposa makilogalamu 15, sizinyoza kansomba kotere.

Ine mwini ndinaphunzira izi ndi ndarama zanga. Caka cina ndinagula nyambo yaikulu yokongola m'sitolo ina ya muno, ya mtengo umene ndinacita manyazi kuuchula kunyumba. Ndinaimanga pa cingwe ca naironi cokha. Tsiku loyamba, ku Chirundu, ncheni inaimenya kamodzi, cingwe cinaduka ngati cadulidwa ndi lumo, ndipo mkulu wina amene anali kupalasa bwato anangondiyang'ana ndi kufunsa kuti, “Kodi waya munaiwala ku Lusaka, abwana?”

Cotero caciwiri ndi waya. Mano a ncheni alowana ngati a msampha, ndipo naironi siingathe kupirira. Pakati pa nyambo ndi cingwe ikani waya wotalika ngati cikhato cimodzi kapena ziwiri. Koma cenjerani, waya wonenepa ulemetsa mutu wa nyambo ndi kupha kuseseleka kuja. Sankhani wopyapyala koma wolimba, ndipo mulumikize ndi kamphete kuti mutu ukhale womasuka potembenuka. Mukamanga mfundo yothina pamphuno peni peni, nyambo iuma khosi.

Cacitatu ndi mbedza. Nyambo za m'sitolo zibwera ndi mbedza za mano atatu. Pa nembwe ndi mulumesi zigwira bwino. Koma m'kamwa mwa ncheni ndi mwa fupa lokha lokha, ndipo ikamva kubaya ilumpha m'mwamba ndi kupukusa mutu. Mano atatu agawana mphamvu ya dzanja lanu, palibe limodzi lolowa kwambiri, ndipo nyambo ibwerera kwa inu yokha. Cotsani zimenezo, muikepo mbedza za dzino limodzi, zolimba, zonoledwa ndi tupa kufikira zikanda cikhadabo. Mbedza zotere sizikola msanga pa ziputu, ndiponso sizibvuta kucotsa ngati zabaya cala ca mwana.

Za mtundu wa utoto anthu akangana kwambiri kuposa m'mene nkhaniyo iyenera. Madzi akakhala oyera, yoyera yong'anima ngati kapenta icita bwino. Akakhala odera, yamkuwa kapena ya mutu wofiira ioneka msanga. Kupitirira apo, utoto ukopa wogula. Mayendedwe ndiwo akopa nsomba, ndipo mayendedwe simungawaone nyambo iri m'pepala lace. Iikeni m'mgolo wa madzi: igone copingasa, isaime ndi mcira, isagwere pa nthiti, ndipo imire mosafulumira. Yomira ngati mwala idzakola pansi musanaigwedeze kawiri.

Tsono ndifike pa cimene ndakuitanirani. Iyi ndanyamulayi sinacokere kunja. Pano pa Kabwata pali mudzi wa amisiri osema, amene tsiku ndi tsiku asema mvuu ndi njobvu zogulitsa kwa alendo, ndipo m'mudzi uli wonse wa kwathu muli munthu wodziwa kusema mpini ndi mthiko. Munthu wotere angathe kupanga nyambo iyi madzulo amodzi. Tengani mtengo wopepuka wouma bwino, monga malaina kapena thabwa la paini la bokosi lakale. Semani ngati kansomba, nthiti zonse ziwiri zikhale zofanana ndithu, pakuti mbali imodzi ikanenepa nyambo idzapotokera komweko kokha. Ing'ambeni pamimba ndi sowo m'litali mwace, ndipo mulowetsemo waya umodzi wocokera kumphuno kufika kumcira. Sipoko ya njinga igwira bwino nchitoyi. Pindani waya kuti patuluke timphete titatu, kumphuno, pamimba ndi kumcira. Ubwino wace ngwakuti ngakhale ncheni iphwanye mtengo, nsombayo ikhalabe pa waya.

Colemera ndico cifuna kuleza mtima. Musafulumire kuboola. Yambani mwamanga tizidutswa ta msomali kapena ta mtobvu pamimba ndi mphira, kamodzi cakutsogolo, kena cakumbuyo, ndi kuyesa pamadzi. Sunthani pang'ono, yesaninso, kufikira nyambo iseseleka bwino mbali zonse ziwiri. Pamenepo ikani cizindikiro, boolani, lowetsani zolemerazo, tsekani ndi guluu wosalowa madzi, ndi kupaka utoto kawiri kapena katatu. Pepala long'anima la m'paketi ya tiyi likamatidwa pa nthiti lioneka ngati mamba. Ndipempha cinthu cimodzi: musaphwanye mabatire a garimoto kufuna mtobvu, ndipo musausungunule m'mphika wa ndiwo kapena pafupi ndi ana. Mtobvu ndi poizoni, uononga ubongo wa mwana mosaoneka. Msomali ukwanira.

Semani zitatu kapena zinai nthawi imodzi, cifukwa ncheni siisamala nchito ya mmisiri. Nyambo imene yagwira nsomba zingapo ioneka ngati yatafunidwa ndi galu. Amene mulibe ndodo ya kagudumu kokulungira cingwe, kulungani cingwe pa botolo kapena pa citini, ponyani ndi dzanja, ndipo gwedezani ndi mkono. Mangani kansaru pa cala, pakuti ncheni ikathamanga naironi iceka mnofu.

Nyengo yabwino ndi ya kutentha, kuyambira September kufika November, m'mawa dzuwa lisanakwere ndi madzulo. Ikatha nyengoyo kumbukirani kuti caka ciri conse, kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February, Boma litseka usodzi m'mitsinje yambiri kuti nsomba ziswane, ndipo kuyenda ndi nsomba za malonda popanda cikalata m'miyezi imeneyo ndi mlandu. Za malo otsekedwa ndi za ziphaso funsani ofisala wa za nsomba wa m'boma lanu. Likulu lao liri ku Chilanga. M'kati mwa Lower Zambezi National Park simuwedza munthu wopanda cilolezo ca a zanyama, ndipo alendo owedza kumeneko abweza ncheni m'madzi. Anyamata a ku Chiawa ndi ku Luangwa amene afuna nchito yoperekeza alendo amenewo adziwe kuti mnyamata wodziwa kuyendetsa nyambo ndi kucotsa mbedza osapha nsomba ali ndi conena pamene apempha nchito.

Nyambo ikakola pa ciputu, musalowe m'madzi kukaionjola, ngakhale madziwo afike m'maondo mokha. Dziwe limene muli ncheni mulinso ng'ona, ndipo munthu woima malo amodzi pagombe tsiku ndi tsiku ng'ona imzolowera. Dulani cingwe, mutenge yina m'thumba.

Ndabwera ndi nyambo zinai, ziwiri za m'sitolo ndi ziwiri zosema, ndipo mgolo wa madzi uli panja apo pansi pa mtengo. Amene mufuna, bwerani muziyese ndi manja anu basi ya ku Luangwa isananyamuke.