Mphamvu ya Womenya Softball Imayambira Kumapazi

Mlendo amene mwamuitana kudzatseka maphunziro ano a softball a atsikana wabwera ndi nkhani imodzi yokha, ya kamenyedwe ka mpira, chifukwa mpamene ana ambiri amagwera ulesi n'kusiya masewera amene akanapita nawo patali.

Makolo ambiri amene ali pano anakula ndi mpira wamiyendo ndi wamanja ku Mangochi, ku Nkhata Bay kapena ku Blantyre, ndipo softball anadzaidziwira kuno ku Cape Town kudzera mwa ana awo. Masewerawa anayambira ku Chicago mu 1887, pamene George Hancock anamanga gulovu ya nkhonya kuti ikhale mpira, anzake n'kumaimenya ndi ndodo. Lero afika pena. Mu December 2011 bwalo la Turfhall, mumzinda uno, linalandira mpikisano wa dziko lonse wa atsikana achisodzera, ndipo United States ndi imene inatenga chikho. Choncho ana athu alowa m'masewera amene ali ndi mizu pamalo pano.

Kuti kholo limvetse chimene mwana wake amakumana nacho akagwira ndodo, liyambe laganizira za nthawi. Pa masewera a akuluakulu, woponya amaima mamita 13.11 kuchokera pamene pali womenya, ndipo poponya amadumphira kutsogolo, mtundawo n'kucheperanso. Mpira wothamanga makilomita 100 pa ola umafika theka la sekondi lisanakwane. Monica Abbott wa ku United States anaponya mpira pa liwiro la makilomita pafupifupi 124 pa ola mu 2012, ndipo mu May 2025 Karlyn Pickens wa pa yunivesite ya Tennessee anafika pafupifupi 128. Ana aang'ono amaponyeredwa mipira yofatsa, koma nawonso woponya wawo amaima pafupi. M'kanthawi kochepa chonchi mutu sungakonze chilichonse. Thupi limangochita zimene linazolowera. N'chifukwa chake bambo amene amaima kumpanda n'kumakuwa kuti "kweza chigongono, yang'ana mpira, menya mwamphamvu" amangomuwonjezera mwana phuma. Kamenyedwe kamakonzedwa pa tsiku la zokonzekera, modekha, kuyambira pansi kukwera m'mwamba.

Pansi ndiye pamapazi. Mapazi atalikirane kuposa pang'ono mapewa, mawondo apindike, thupi litsamire chakuzala zakumapazi, maso onse awiri ali pa woponya. Ndodo igwiridwe ndi zala, osaikwirira m'kati mwa chikhatho, ndipo mfundo za zala zimene munthu amagogodera pachitseko zikhale pafupifupi pamzere umodzi m'manja onse awiri. Mwana akafinya ndodo mpaka misempha kutuluka, mikono imauma ndipo ndodo imachedwa.

Woponya akayamba kuzunguza mkono, womenya amakankhira thupi pang'ono ku mwendo wakumbuyo, manja ali pafupi ndi phewa lakumbuyo. Kenako phazi lakutsogolo limaponda kasitepe kakafupi, mofewa, zala poyamba, chidendene pambuyo. Chidendenecho chikangofika pansi, chiuno chimayamba kutembenuka, bondo lakumbuyo limalowa m'kati, chidendene chakumbuyo chimanyamuka. Mapewa amatsata chiuno, mikono imatsata mapewa, ndodo imabwera pomalizira penipeni. Amene anagwetsapo mtengo ndi nkhwangwa akudziwa kuti wodula ndi mikono yokha amatopa msanga mtengo uli chiimire, pamene wodziwa amaponda nthaka, kupotoza chiuno, nkhwangwa n'kulowa yokha. Ndodo ikamakumana ndi mpira, mwendo wakutsogolo ukhale wolimba, chikhatho cha dzanja lapamwamba chiyang'ane kumwamba, cha lapansi chiyang'ane pansi, ndipo mutu usasunthe. Mikono imatambasuka mpira utamenyedwa kale, ndodo n'kukathera kuphewa linalo.

Jocelyn Alo ndi umboni wa zimenezi. Mtsikana ameneyu anakulira ku Hauula ku Hawaii, ndipo pa yunivesite ya Oklahoma anamenya ma home run (mipira yotuluka kunja kwa mpanda) 122, kuposa 95 amene Lauren Chamberlain anasiya ngati malire. Ali ku sekondale, Alo anali katswiri wa masewera ogwetsana mpaka anapambana mpikisano wa Hawaii yonse. Masewera amenewo amalimbitsa miyendo, chiuno ndi msana, ndipo aliyense woonera kanema wa kamenyedwe kake amaona ntchafu ndi chiuno zikugwira ntchito ndodo isanasunthe. Mtsikana amene akufuna kumenya mpira wopita kutali asayambe ndi kunyamula zitsulo zolimbitsa mikono. Athamange, adumphe chingwe, achite masewera onyonyomala ndi kudzuka.

Zolakwika zimene makochi amakumana nazo mwa ana sizichuluka, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Choyamba ndi kutambasula mikono msanga. Manja amachoka pafupi ndi thupi, ndodo imayenda njira yaitali yozungulira, mpira n'kudutsa kapena kugunda pafupi ndi manja. Kochi amamuimika mwana pafupi ndi neti, ndodo itagunda pamchombo mbali imodzi ndi paneti mbali inayo, kenako amamuuza kuti amenye osakhudza netiyo. Mwana amazindikira yekha kuti chogwirira cha ndodo chiyenera kutsogola kulunjika mpira, chigongono chakumbuyo chikudutsa pafupi ndi nthiti.

Chachiwiri ndi kugwera kutsogolo. Sitepe ikatalika, thupi lonse limathamangira ku mwendo wakutsogolo mpira usanafike, ndipo woponya wochenjera akangochepetsa liwiro, womenya amamenya mphepo. Apa mwana amaphunzitsidwa kuponda sitepe, kuima kaye, kenako kumenya, mpaka thupi litazolowera kudikira.

Chachitatu ndi mutu wothawa. Mwana amafuna kuona kumene mpira wapita asanaumenye, mutu umatembenuka, phewa lakutsogolo limatseguka. Kochi amamuuza kuti chibwano chiyambire paphewa lakutsogolo n'kukathera paphewa lakumbuyo, maso atatsalira pamene mpira unali.

Chachinayi chimafuna chifundo kwambiri, chifukwa gwero lake ndi mantha. Mpira wa softball ndi wolimba, ndipo kuuzungulira ndi masentimita oposa pang'ono 30. Mwana amene unamugundapo m'nthiti amaponda sitepe yothawira kumbali m'malo molunjika woponya. Kumukalipira sikuchotsa mantha. Amafunika chipewa cholimba chokhala ndi chotchinga kumaso, mipira yofewa ya pa zokonzekera, ndi munthu womuponyera pang'onopang'ono mpaka mtima utakhala m'malo.

Nthawi zina vuto limakhala ndodo yeniyeniyo. Makolo timakonda kugula chinthu chachikulu kuti mwana akule nacho, ndipo pa yunifolomu ya sukulu nzeru imeneyi imathandiza. Pa ndodo ya softball imawononga. Ndodo yolemera imagwetsa manja, imakoka phewa lakumbuyo pansi, ndipo mwana amaphunzira kuikoka m'malo moikwapula. Ngati sangathe kuigwira ndi dzanja limodzi, mkono utatambasuka, kwa masekondi angapo osanjenjemera, ndodoyo si yake. Kuli bwino abwereke yopepuka kwa mnzake.

Chida chachikulu pa ntchito yonseyi ndi tee, kamtengo koima kamene amaikapo mpira kuti mwana aumenye uli chikhalire. Ana ena amakaona ngati n'ka oyamba kumene, koma osewera a m'matimu a mayiko amakagwiritsa ntchito mpaka lero, chifukwa mpira ukakhala sukuyenda, maganizo onse amapita pa kayendedwe ka thupi. Akachoka pa tee, wina amamuponyera mpira mofatsa kuchokera pambali, kenako kuchokera kutsogolo atabisala kuseri kwa neti, ndipo pomalizira amakumana ndi woponya weniweni. Foni imene ili m'thumba la kholo lililonse imathandizanso. Kanema wojambulidwa kuchokera pambali, akamaonetsedwa pang'onopang'ono, amaulula ngati chiuno chatsogola kapena manja athamanga, ndipo mwana amakhulupirira msanga zimene wadzionera yekha. Koma kochi akaona zolakwika zinayi m'kanemayo, atchule chimodzi, chimene chili pafupi ndi nthaka. Kawirikawiri sitepe ikakonzeka, mutu ndi manja zimakhazikika zokha. Kumenya kochepa kochitidwa mosamala kumapindulitsa kuposa kumenya kochuluka kwa mwana wotopa, amene akungozoloweza thupi zolakwika.

Makolo adziwenso kuti ngakhale akatswiri amadutsa m'nyengo youma. Alo anamenya ma home run 30 m'chaka chake choyamba ku Oklahoma mu 2018, koma chaka chotsatira anatsika kufika pa 13, ndipo kochi wake Patty Gasso anamupumitsa kaye masewera kwa kanthawi kuti mtima ukhale pansi. Mu 2021 anamenya 34, mu 2022 anamenyanso 34. Mwana amene wangosintha kamenyedwe amayamba waphonya kuposa kale, chifukwa thupi likusiya chizolowezi chakale lisanagwire chatsopano. Imeneyo ndi nthawi yoti kunyumba amve mawu olimbikitsa, ndipo malangizo a kamenyedwe achokere pakamwa pamodzi, pa kochi.

Si mtsikana aliyense amene adzatulutse mpira kunja kwa mpanda, ndipo timu sifuna otero okhaokha. Natasha Watley, amene anapata mendulo ya golide pa masewera a Olympics ku Athens mu 2004, ankamenyera kumanzere ali chothamanga, n'kukafika pa base yoyamba, mtunda wa mamita 18.29, otchinga asanatole mpira. Ku Beijing mu 2008 Crystl Bustos wa ku United States anamenya ma home run 6, koma golide anapita ku Japan, imene inagonjetsa United States 3-1 pa masewera omaliza. Ku Tokyo mu 2021 Japan inabwerezanso, 2-0. Kochi wabwino amayang'ana thupi ndi liwiro la mwana aliyense, n'kumupatsa kamenyedwe komuyenera.

Pomaliza pali mapempho atatu. A komiti, ndalama zikapezeka, ziyambe zagula ma tee, neti ndi zipewa zotchinga kumaso, mayunifolomu atsopano adzabwera pambuyo. Makolo, pa tsiku la masewera ntchito yanu ndi kuwomba m'manja, ndipo pakati pa sabata mupeze mphindi zochepa zomuikira mwana mpira pa tee kuseri kwa nyumba. Atsikana, softball ikubwereranso pa masewera a Olympics a Los Angeles mu 2028, ndipo idzaseweredwa ku Oklahoma City. Mukadzamaonera, maso anu adzakhale pa mapazi ndi chiuno cha womenya, kenako mudzakafunse makochi anu zimene mwaona.

Amayi wapampando, makochi amene apereka nthawi yawo kuphunzitsa ana athu ayenera kuthokozedwa mwapadera, ndipo nonse muwawombere m'manja. Ndi mawu amenewa, maphunziro ano atsekedwa.