Alonda a Makompyuta

Amayi anzathu, mlonda amene tinkamdziŵa kale anali wa chibonga ndi tochi. Masiku ano kuli alonda enanso, otchinjiriza makompyuta ndi mafoni ku mbala zimene zimaba osathyola chitseko. M'mwezi wa Febuluwale 2024, Pulezidenti wa nthaŵiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbala zotere zaloŵa m'makompyuta a mapasipoti ndipo zikufuna dipo. Ambiri maulendo ao anaima.

Nanga mwana wa kuno ku Mbayani angafike bwanji pa ntchito imeneyi? Njira yake iyambira pa masamu. Akhoze bwino mayeso a MSCE, kenaka akaphunzire zaka 4 ku yunivesite ya MUST ku Thyolo, kumene aphunzitsa chitetezo cha makompyuta. Akatsiriza, angakagwire ku mabanki, ku makampani a mafoni, kapena ku MACRA, kumene lamulo la 2016 linakhazikitsa gulu la alonda otere.

Atsikananso angathe, koma ife ndife timaŵatchinga. Mtsikana akangotsegula buku timamtuma kumpopi, mlongo wake ali khale. Mzere wa pampopi mukuudziŵa kutalika kwake. Pobwerako kwada, mwana watopa, masamu aja osagwira.