Chipyela Chisabwerenso Pakati Pathu



Pa tsiku lino la chikondwerero tiyeni tikumbutsane mbiri ya malo amodzi a Mpingo wathu. Amishoni a UMCA adakhazikika pa chilumba cha Likoma m'chaka cha 1885. Kumeneko kuli malo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti. M'chaka cha 1903 ntchito yomanga tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera idayamba pomwepo, ndipo mu 1911 tchalitchicho chidapatulidwa. Pamene padali moto ndi kulira, lero pali guwa la Ambuye. Chaka chomwecho cha 1911 boma lidaika lamulo lakuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu.

Koma amayi, moto uja sudazimiretu. Mu January 2016 ku Neno gulu la anthu lidapha okalamba anayi, mphezi itapha mtsikana wina, ati ndiwo adaitumiza. Nkhani zotere timazimvabe, ndipo ambiri olozedwa chala ndi agogo aakazi amasiye, osauka, opanda wowanenera.

Tsono tifunsane: kodi mphekesera yotere imayambira kuti? Imayambira pachitsime, kuchigayo ndi pamaliro, malo amene ife amayi sitisowapo. Mwana akamwalira ndi malungo, wina anong'ona dzina la agogo. Agogo akapezeka usiku pakhomo la eni, asakudziwa kumene ali, anthu ati agwa pa lichero. Pamenepo n'kuti ali ndi matenda oiwalaiwala amene amadza ndi ukalamba, amene amachititsa munthu kusokera ngakhale m'mudzi mwake momwe. Wotereyo afunika chofunda, phala ndi chipatala.

Mayi Mary Sumner adayambitsa bungwe lathuli la Mothers' Union mu 1876 ku Old Alresford, m'dziko la England, ndipo chimodzi mwa zolinga zathu ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. Agogo amene adzukulu awathawa ali m'gulu limenelo.

Chifukwa chake tikupempha nthambi iliyonse zinthu zitatu. Choyamba, tilembe maina a okalamba okhala okha m'dera lathu, a mpingo wathu ndi a mipingo ina omwe, ndipo tiziwayendera mosinthana: kuwatungira madzi, kuwazira m'nyumba, kuwaphikira ndi kudya nawo mbale imodzi anthu akuona. Nyumba imene amayi a mpingo amalowamo kawirikawiri, achipongwe amaiopa. Chachiwiri, mphekesera ikafika m'khutu mwathu ithere pomwepo, tisaipitirize. Chachitatu, tikamva kuti wina akuopsezedwa, tisadikire kuti kuche. Tithamangire kwa amfumu, kwa abambo ansembe ndi ku polisi.

Makolo adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga dambolo tikalitentha, moto wa m'mabanja mwathu udzazimira kuti? Tikumbukirenso kuti imvi zikutiyembekeza tonse, ndipo ana athu akuphunzira lero mmene adzatisungire mawa.

Amene adatitsogolera adamanga nyumba ya Mulungu pa Chipyela. Ifenso tikaime pakhomo la agogo amene anthu akuwanong'ona, kufikira atagona tulo mopanda mantha.

Ambuye atipatse mphamvu pa ntchito imeneyi.