Kukhala Bwino ndi Obwera: Mawu a pa Msonkhano wa Pachaka wa Ophunzira Akale

Mutu wanga ndi wa kukhala bwino ndi obwera, ndipo chitsanzo chili pakhomo pathu pomwe pano.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula mu 1986, anthu a ku Angonia anakhamukira kuno ku Ntcheu. Pofika 1992 dziko lino linkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Nsanje ndi ku Mwanza ambiri anali m'makampu, koma kuno ndi ku Dedza ambiri anakhala m'midzi momwemo. Izi sizodabwitsa, pakuti malire amene Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anagawa anthu amodzi. Angoni a kwa Maseko anakhala ku Domwe asanakhazikike ku Lizulu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire.

Komabe chibale chokha sichinathetse mavuto. Nkhuni zinasowa, mapiri anayera, pa mjigo panali mkangano. Pa chilala cha 1992 eni mudzi ena ankadandaula poona alendo akulandira ufa ndi nyemba iwo akugona ndi njala.

Nanga chinatigwirizanitsa n'chiyani? Anyakwawa anapereka malo omangapo nyumba. Maliro akagwa, adzukulu ankakumba manda osafunsa kwawo kwa womwalirayo. Ife amene tinali ku pulayimale tinkakhala pansi limodzi ndi ana awo. Amayi ankasinthana ufa ndi ndiwo zamasamba. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo pofika 1995, koma maukwati ndi malonda a mbatata ya kachewere pa Lizulu ndi pa Tsangano zinatsala.

Lero ambiri a ife tili ku Ndirande, ku Area 25 kapena pa boma pano, moyandikana ndi anthu a ku Burundi, a ku Rwanda kapena a maboma ena. Tisaiwalenso kuti abale athu anathamangitsidwa ku Johannesburg mu 2008. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Pempho langa ndi ili. Wobwera mukamuonetse kwa amfumu. Mumulembe m'kaundula wa zopereka za maliro. Mumusankhe m'komiti ya mjigo kapena ya sukulu. Munthu amene walira nanu ndi kusonkha nanu sakhalanso mlendo.