Chofufumitsa Sichifuna Madzi Owira

Tikalawirira ku Chinsapo, pa msewu wopita ku Likuni, timamva fungo la buledi amene amayi aphika m'mauvuni a njerwa. Ena amathiramo jinja, sinamoni kapena adyo wosinja kuti anunkhire. Koma zonunkhiritsazo sizifufumitsa ufa. Ntchito imeneyo ndi ya yisiti, timasupuni tiwiri tokha pa theka la kilogalamu.

Yisiti ndi chinthu chamoyo. Imadya shuga, nitulutsa mpweya umene umakweza ufa wokandawo. M'madzi ozizira imagona, m'madzi owira imafa, m'madzi ofunda imagwira ntchito. Mayi akakanda, amavundikira ndi nsalu, nadikira ola lathunthu. Akapupuluma, waononga ufa wodula, pakuti tirigu wambiri timagula kunja, ndipo ndalama ya sukulu ya mwana yapita.

Pa Mateyo 13:33 Ambuye Yesu anafanizira Ufumu wa Kumwamba ndi chofufumitsa chotere. Miphakati yathu, imene Ambuye Patrick Kalilombe anailimbikitsa atakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972, ndiyo chofufumitsacho pakati pa anthu. Nyimbo zokoma ndi zovala za mabungwe ndi zonunkhiritsa chabe.

Tsono ife ansembe, akatekisi ndi makolo, mbale wathu akalakwa, timamthira madzi otani? Tikamkalipira pagulu, tapha kachikhulupiriro kamene kanali mwa iye. Tikamtaya osamuyendera, kagona tulo. Tipite kwao, tilankhule naye mofatsa, ndipo tidikire. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mulungu atidalitse tonse.