Mlangizi wa m'foni: mmene makampani ang'onoang'ono akusinthira ntchito za ulimi

Alimi anzanga a kuno kwa Mlonyeni, amayi ndi abambo, phunziro la lero silikhudza khasu kapena mbewu. Tikambirana za AI, imene ena amati nzeru za makina. Iyi ndi pulogalamu ya pa kompyuta imene yaonetsedwa zolemba ndi zithunzi zambirimbiri mpaka yazolowera kuyankha mafunso ngati munthu. Anthu ambiri anayamba kuimva pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022. Lero makampani ndi mabungwe ang'onoang'ono akuigwiritsa ntchito kuti anthu ochepa agwire ntchito imene kale inkafuna gulu, ndipo ina mwa ntchitozo ndi ya m'minda mwathu.

Tiyambe ndi za kwathu konkuno. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayambitsa Ulangizi, mlangizi wa pa WhatsApp amene anakonzedwa ndi kampani yaing'ono yotchedwa Gooey.AI. Mlimi amalemba funso, kapena kulankhula, kapena kutumiza chithunzi cha mbewu yodwala, ndipo yankho limabwera m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Mayankhowo amatengedwa m'buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi. Poti alimi ambiri alibe foni zamakono, bungweli limadalira alimi othandiza anzawo amene amayenda ndi foni imodzi pagulu. Apa ndi pamene ntchito yasintha. Mlangizi wa boma mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, ndipo sangafike kwa aliyense sabata imene mbozi zalowa m'chimanga. Tsopano funso limene likanadikira masabata awiri likuyankhidwa tsiku lomwelo, ndipo mlimi wotsogolera sakufunikanso kuloweza buku lonse. Ntchito yake yasanduka kufunsa bwino ndi kuweruza ngati yankho likugwirizana ndi munda umene waimamo.

Palinso Nuru, ya gulu la PlantVillage ku yunivesite ya Penn State ku America, imene imazindikira matenda a chinangwa ndi kuonongeka kwa chimanga ndi mbozi zija zinatisautsa mu 2017. Ubwino wake ndi wakuti imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti. Inu a kufupi ndi malire mukudziwa mmene netiweki imavutira, nthawi zina foni n'kumagwira ya ku Zambia.

Nkhani ya ngongole ndi imene ndikufuna muimvetsetse. Kampani ya Apollo Agriculture inayamba ku Kenya mu 2016 ndipo inafikanso ku Zambia. Wantchito wake amapita kukayeza munda ndi foni, kenako kompyuta imaona zithunzi za mundawo zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga pamodzi ndi mbiri ya mlimi, n'kugamula ngati apatsidwe mbewu ndi feteleza pa ngongole. Kale chigamulo chotere chinkafuna kalaliki, fomu ndi umboni wa amfumu. Njira yatsopanoyi ndi yachangu ndipo imafikira anthu amene banki sinkawayang'ana n'komwe. Koma makina akakukanani simungakambirane nawo monga mungachitire ndi munthu. Choncho wina akabwera kudzayeza munda wanu kapena kujambula chiphaso chanu cha unzika, mufunseni: zimenezi zikupita kuti, adzaziona ndani, nanga nditakanidwa ndikadandaule kwa yani? Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba musapatse aliyense, kaya munthu kaya makina.

Tsono tibwere ku mtedza, poti ndi umene umatipatsa ndalama kuno ku Mchinji. Tiyerekeze kuti masamba achita chikasu ndipo mbewu yapinimbira. Mukajambula tsamba limodzi lokha n'kutumiza, makina akhoza kunena kuti ndi kadukutu, matenda amene amafalitsidwa ndi nsabwe. Mwina n'zoona. Koma chikasu chimabweranso madzi akadikha m'mizere, kapena nthaka ikakhala yoguga. Makina sanaponde m'munda mwanu. Sakudziwa kuti munabzala mochedwa, kuti mapando ndi otalikirana, kapena kuti mbewu yake ndi CG7, imene imagwidwa msanga ndi kadukutu, osati Nsinjiro imene imapirira. Ndipo choopsa chake n'chakuti amayankha molimba mtima mofanana, kaya akhoza kaya alakwa. Mukathamangira kugula mankhwala chifukwa cha yankho lolakwa, ndalama yapita ndipo mtedza sunachire.

Pa chifukwa chimenechi, zimene timachita m'mawa uliwonse wa sukulu yathu sizikutha ntchito. Tizilowabe m'munda wophunzirira m'timagulu, kutembenuza masamba, kuwerenga tizilombo toononga ndi tothandiza, kukumba pang'ono kuona chinyezi, n'kujambula pa pepala. Zimenezo ndi zimene zimapanga funso labwino. M'malo mongoti "mtedza wanga wadwala", munene mtundu wa mbewu, tsiku lobzala, mmene mvula yagwera, ndi mapando angati mwa khumi amene agwidwa. Zithunzi zikhale zitatu: tsamba pafupi, phando lonse, ndi mzere wonse.

Gulu lathunso ndi bizinesi yaing'ono. Alembi akhoza kugwiritsa ntchito makina otere polemba kalata yopita kwa ogula, kapena powerengetsa ndalama zolowa pa ekala imodzi ya soya. Koma msungichuma abwerezenso masamuwo pamanja, chifukwa makinawa amaphonya manambala, ndipo Chichewa chawo nthawi zina chimapotoka.

Sabata yamawa kagulu kalikonse kabwere ndi vuto limodzi lochokera m'munda wophunzirira. Tidzalifunsa kwa makina, tidzalifunsanso kwa alangizi athu, ndipo mayankho onse awiri tidzawalemba m'buku la gulu. Pamene asiyana, tidzayesa njira zonse ziwiri pa mizere isanuisanu mpaka nthawi yokolola. Amene ali ndi foni ya WhatsApp abwere nayo yotchaja.